Katopido ka Mkuwa

Salt River, Cape Town
10 Malichi 2024

Okondedwa amake Jestina,

Muli bwanji inu ndi mwana wathu? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kutsikira kudimba? Amalume a Gerevazio muwapatse moni, ngakhale ndikudziwa kuti moni wanga amalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ine kuno ndili bwino, Mulungu akusunga. Mawa kapena mkuja tiyamba kufunga.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale. Foni ya alamu a Zikhalo ndatopa nayo. Ndikati ndiyankhule ndi mkazi wanga, ndimamva anthu atatu akupumira pafonipo. Kuyambira lero makalata azibwera ndi a Rafaelo, aja amanyamula katundu wa anthu a ku Joni pa lole.

Zotsuka magalimoto ndasiya, ndabwerera ku nyundo ndi sizasi ya malata. Bwana wanga ndi a Mandla. Ali ndi shedi momwe amapangiramo zinthu zokaonetsa kunyumba zosungira zakale. Anandipeza panja ndikumata ketulo ya mnzanga, anaima, anayendetsa chala pamsoko, n'kungoti, "Mawa ubwere." Ndiye ine uja wa ndowa ndi mbaula pa Chimbiya, lero ndikukhoma sitima yankhondo!

Musagwire pamtima, si yeniyeni. Ndi chifaniziro, kutalika kwake ngati chitseko chogoneka ndi kanthu pang'ono. Zenizenizo zinayamba kupangidwa ku Mangalande cha m'ma 1893. A Mandla akuti masiku amenewo masitima akuluakulu ankaopa timaboti tothamanga, tonyamula bomba lotchedwa topido. Bomba limeneli limasambira lokha pansi pa madzi n'kukaboola sitima kumimba. Ndiye anaganiza zopanga sitima yopepuka yoti izipirikitsa timabotito, ngati galu wothamangitsa likongwe pakhola la nkhuku. Dzina lake ndi lalitali, koma anthu analidula n'kumangoti disitiroya, kutanthauza wowononga.

Ndatumiza marandi 1,200, shuga ndi nsapato za Jestina. Ngati zakula muikemo thonje kutsogolo, akula nazo. Mugule mankhwala a chiwawu msanga, kachewere wa kumtunda asapse ngati chaka chatha. Ndipo musawagulitse mavenda a pamsewu akadali m'munda, anthu aja amayeza ndi maso a njala.

Za kubwera, sindinaiwale zimene ndinalonjeza pamaso pa amalume, kuti chaka chachinayi sichidzandipeza kuno. Chandipeza. Ndikumvanso zimene akunena, zoti mkamwini wosaoneka m'munda ndi dzina chabe, ndiponso kuti mwana wa mlongo wawo sangakalambe akudikira Msilamu wa ku Joni. Muwapirire. Pali kanthu kena kokhudza mapepala anga, koma si nkhani ya m'kalata.

Ine mwamuna wanu,
Yunusu

Salt River
21 Epulo 2024

Amake Jestina,

Kalata yanu yandipeza ndili bwino, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha mwana chatha. Koma mizere isanu ndi umodzi yokha, amayi? Cholembera chikudula chotani ku Mayani?

Sitima yathu tsopano ili ndi nthiti ndi khungu. Mukanaona pulani yake mukanaseka. Yeniyeni inali yaitali mamita oposa makumi asanu, koma m'mimba mwake mamita asanu ndi kanthu basi, yowonda ngati mpeni. Zitsulo za m'mbali zinali zopyapyala, mamilimita atatu okha penapake. Ndinawafunsa a Mandla kuti kodi azungu aja anapita kunkhondo m'ndowa? Iwo anati, "Ankafuna liwiro. Chilichonse cholemera ankachisiya kumtunda."

Chimene chanditengera masabata awiri ndi denga lakutsogolo. Ndi lokhota ngati msana wa kamba, ndipo amalitchula choncho kumene. Analipanga motero kuti mafunde akamenya azitsetsereka n'kubwerera m'nyanja. Anzanga awiri a m'shedi analephera kulipinda, lata linkachita makwinya. Ine ndinapempha chitsa, ndinachikumba pakati monga timachitira popanga beseni, n'kuyamba kukhoma pang'onopang'ono. A Mandla anakhala pambali mpaka tiyi wawo anazizira. Kunyada n'koipa, koma kwa mkazi wanga ndinyada.

Ndimati ndilembe zambiri koma a Rafaelo afika msanga, akuliza hutala panja. M'chikwama muli bulangeti la Juni ndi mafuta ophikira. Mu sokosi yakuda muli kanthu ka mkuwa, ndasula ndi manja angawa. Sindinena kuti n'chiyani. Mukakaona mudziwa nokha zimene zili mumtima mwanga.

Chimanga chauma, ndikudziwa. Musandidikire. Pezani wina akuthandizeni.

Yunusu

Salt River
2 Juni 2024

Amake Jestina,

Ndikhulupirira muli moyo ndipo mwana ali bwino. Ndikuti ndikhulupirira chifukwa palibe wandiuza. Ine thupi lili bwino, kupatula chala chimene ndadziwotcha ndi mtovu.

A Rafaelo afika Lachitatu. Ndinawathamangira lole isanaime n'komwe. Kalata analibe. M'malo mwake ananditulutsira bulangeti lija, lili m'pepala lake momwemo, losatsegula.

Ndinati, "Ichi n'chiyani?"

Iwo anati, "Amalume ati libwerere kwa mwini wake."

"Nanga mkazi wanga Agnesi wati chiyani?"

"Anali m'nyumba."

"Akudwala?"

"Ine ndine wa lole, achimwene. Za m'banja la eni ake sindinyamula."

Atatero anayamba kumasula zingwe zomwe anali atamasula kale. Munthu uja amene amalongolola kuchokera ku Dedza mpaka ku Beitbridge osameza malovu, lero akusowa mawu? Ndaimba foni ya alamu a Zikhalo kasanu ndi kawiri. Akayankha amati mwapita kuchigayo. Agnesi, chimanga chake n'chochuluka bwanji chopita nacho kuchigayo masiku anayi otsatizana?

Kuno mvula ya chisanu yayamba, m'shedi mukudontha. Ndikupanga machumuni ndi zivundikiro za mosungira malasha. Sitima zimenezi zinkayendera moto. Theka la m'mimba mwake munali maboyila owiritsira madzi ndi injini, anthu oposa makumi anayi n'kumapanikizana m'malo otsalawo. Zikathamanga zinkafika makilomita makumi asanu pa ola, pamadzi, ndipo amuna a pansi ankaponya malasha m'ng'anjo osaona kunja, osadziwa ngati akuthamangitsa mdani kapena akuthawa. A Mandla amakonda kufotokoza zimenezi, koma sabata ino sindikuwamva bwino. Dzulo ndinamata chumuni chopendekeka, iwo anangochichotsa n'kundipatsanso.

Ngati ndalakwa, ndiuzeni cholakwacho. Ngati ndi ndalama, ndatumiza marandi 900, ndipo ndawauza a Rafaelo kuti apereke m'manja mwanu, osati mwa wina aliyense. Kudimba mubzale msanga madzi asanatsike. Ku Dedza kukuzizira tsopano, ndipo bulangeti la mwana wanga lili pano pabedi langa. Zimenezi zikundiwawa kwambiri.

Ndiyankheni, ngakhale mzere umodzi.

Mwamuna wanu,
Yunusu

Salt River
16 Juni 2024

Agnesi mkazi wanga,

Moni ndipereka, koma za moyo wanga musafunse. Kalata iyi sindidikira lole. Ndiijambula pafoni, mlongo wanga Nasra akaisindikiza pa Boma n'kubwera nayo yekha ku Mayani.

Ndamva zonse. Nasra akuti amalume a Gerevazio anafika kusitolo ya achimwene a Salimu, ankhoswe anga, atavala jekete la kutchalitchi. Anatulutsa kanthu ka mkuwa kaja m'sokosi, anakaika pakauntala, n'kunena kuti, "Muvi wanu tinalandira. Mwamuna akatumiza muvi, makolo athu ankati wasudzula. Mawu akenso alipo, akuti musandidikire, pezani wina. Ife tamva, ndipo mwana wathu ndi mfulu."

Agnesi! Muvi? Ine Yunusu ndikutumizireni muvi?

Kanthu kaja ndi katopido. Ndi bomba lija ndinakuuzani m'kalata yoyamba, lochepetsedwa kuti lilingane ndi chifaniziro chathu. Katengeni mukayang'ane bwino. Kumutu n'kosongoka, inde, chifukwa kamang'amba madzi. Koma tija amalume akuti nthenga si nthenga, ndi zipsepse zowongolera. Kumchira kwenikweni kuli timapulopela, kankhani ndi chikhadabo muona tikuzungulira. Muvi unayamba wakhala ndi pulopela? Ndinasula tinayi. Kamodzi kanatuluka kafupi pang'ono, a Mandla anati nditenge. Ndinakapukuta masiku atatu mpaka kumaonetsa nkhope. Ndimafuna muone kuti manja a mwamuna wanu sanafe ndi sopo wa magalimoto. Za mumtima zimene ndimanena n'zimenezo basi. Ndipo wina amene ndimati mupeze ndi waganyu wokolola chimanga!

Ndinawafotokozera a Mandla. Poyamba anaseka mpaka kutsokomola, kenako ataona nkhope yanga analeka. Anandionetsa kabowo kamene tinaboola pamphuno ya sitima. Akuti zoyambazo zinali ndi paipi yoponyera topido kutsogolo, koma anadzaichotsa, chifukwa sitima ikaponya ili paliwiro inkatha kulipeza bomba lake lomwe lisanapite patali. Ndinawauza kuti nkhani imeneyo aisunge, lero si tsiku lake.

Akuti ankhoswe akumana Loweruka pa 3 Ogasiti kuti amalize. Tsono ndikuuzeni chimene ndakhala ndikubisa. Pemiti yanga inatha zaka ziwiri zapitazo. Kutuluka ndingatuluke, koma pa boda adzandidinda chidindo choti ndisapondenso dziko lino zaka zisanu. Sitimayi ikufunika mu Sepitembala. Ikatha bwino, a Mandla alonjeza kupita nane kwa loya wa mapepala, ndiponso pali ntchito ya masitima ena atatu. Zaka zinayi ndakhala ndikufunafuna khomo limeneli. Ndingalisiye litatseguka chifukwa cha nkhalamba yosasiyanitsa nthenga ndi pulopela?

Ndatumiza chithunzi cha pulani, katopido kakuoneka bwinobwino pambali pa sitima. Muwaonetse amalume. Muwaonetsenso a kumphakati kwanu, amene amadziwa kuwerenga. Achimwene a Salimu adzandiyankhulira. Inu mungonena mawu amodzi, kuti si muvi, nkhani yatha.

Ndine wanu, ndipo sindinasudzule munthu.
Yunusu

Salt River
14 Julaye 2024

Amake Jestina,

Ndili moyo. Ndamva kuti inunso muli bwino, ndi mwana yemwe.

Yankho lanu Nasra ananditumizira masabata awiri apitawo. Ndachedwa kulemba chifukwa makalata awiri oyamba ndinang'amba, munali mawu oti munthu sangawabweze. Ndilembanso pano zimene munanena, kuti muone ngati ndawerenga bwino.

"Bambo a Jestina, zoti si muvi ndinadziwa tsiku lomwelo. Ndakhala ndi mmisiri zaka khumi ndi chimodzi, ntchito ya manja anu ndimaidziwa. Tipulopelato ndinatizunguza ndekha amalume asanakatenge. Koma atanena kuti ndi chisudzulo, ndinangokhala chete. Zaka zinayi ndakhala ndikukuyankhirani, pamaliro, pachitsime, kutchalitchi, kusukulu ya mwana. Tsiku limenelo pakamwa panga panatopa. Pulani yanu ndaiona, ndi yokongola. Sindinawaonetse."

Ndiye kuti ine ndimalimbana ndi nkhalamba, ndikujambula mapulani, ndikuphunzitsa anthu za zipsepse, pamene mwini nkhani akudziwa zonse. Munandisiya ndivine ndekha pabwalo ng'oma italeka kale. Ndinakwiya, Agnesi, sindibisa. Kuno sindikudya mabisiketi. Ndimagona m'chipinda cha anthu anayi. Ndikaona galimoto ya polisi ndimalowa m'sitolo n'kumafunsa mtengo wa zinthu zimene sindigula. Chaka chatha kunachitika zina ku lokeshoni, zimene sindinakuuzeni, ndipo sindikuuzani lero. Zonsezi ndimati ndikuchitira inu.

Koma mkwiyo utatsika ndinayamba kuwerenga maliro amene ndinajomba. A bambo anu aang'ono. A mwana wa alamu a Zikhalo. Denga la khitchini litagwa munakwera ndinu. Jestina ndinamusiya akulephera kutchula dzina langa, lero akulemba yekha kumunsi kwa makalata anu. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Lachisanu a Mandla anandipeza nditangogwira nyundo, osakhoma. Anati, "Yankho labwera?" Ndinawauza. Iwo anayamba za masitima, poti munthu uja nkhani ina sadziwa. Akuti mu 1901 ina mwa sitima zopepukazi inathyoka pakati ili panyanja, popanda mdani aliyense, ndipo anthu ambiri anamira. Zitatero akuluakulu anayamba kupanga zolimbirapo, ngakhale liwiro linatsika. Ndinawafunsa kuti akufuna kunena chiyani. Anati, "Palibe. Ndikunena za sitima. Koma ukapita, sindingakusungire malo, ndipo pa boda ukudziwa chimene chikakuchitikire. Ukatsala, mu Sepitembala tipita kwa loya. Sindikukankha, sindikukoka."

Zatsala ndi zotchingira za m'mbali, mizinga ing'onoing'ono itatu ndi utoto. Masabata asanu ndi limodzi ikhala itatha. Pa 3 Ogasiti ndi masabata atatu.

Kachewere wa kudimba mumuthire feteleza wachiwiri sabata ino, musadikire kuti achite maluwa. Ndalama ndatumiza kwa Nasra.

Funso limodzi lokha simunandiyankhe, ndipo ndikuopa kulifunsa bwinobwino. Munakhala chete kuti ndibwere, kapena munakhala chete kuti ndisabwerenso?

Yunusu

Dedza Boma
1 Ogasiti 2024

Amake Jestina,

Muli bwanji? Ine ndafika bwino, miyendo yokha ndiyo yatupa. Onani pamwamba pa kalatayi pamene ndalembera. Ndili kuseri kwa sitolo ya achimwene a Salimu, ndatsika basi dzulo masana.

Yankho la funso lija silinabwere, ndiye ndinaona kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinamaliza mizinga itatu ija, zotchingira ndinasiya theka. A Mandla sanakalipe. Anandipatsa sizasi yatsopano ya malata n'kunena kuti, "Msana wa kamba uja ndidzawauza anthu kuti anakhoma ndani." Ndinatuluka m'shedi osacheuka, chifukwa ndikanacheuka bwenzi ndili komweko.

Pa Beitbridge mayi wa pawindo anatsegula pasipoti, anawerenga masiku ndi chala, anandiyang'ana, n'kudinda. Zaka zisanu. Ndikukuuzani zimenezi osati kuti mundimvere chisoni. Ndikufuna mudziwe kuti sindinabwere kudzazimitsa moto kenako n'kukweranso basi. Njira ya ku Joni yatsekeka. Chimene ndili nacho ndi nyundo, sizasi ndi chikwama chimodzi. Mmisiri wa masitima uja wathera pa boda, wabwera kuno ndi wa ndowa yemwe uja.

Ndimafuna kukwera minibasi ya ku Mayani dzulo lomwelo, koma achimwene anandigwira mkono. Akuti munthu amene nkhani yake ili m'manja mwa ankhoswe salowa m'mudzi ngati mbuzi yosokera, ndidikire Loweruka. Ndiye ndili pano, ndikuona minibasi zikunyamuka, kondakitala akukuwa dzina la kwanu. Kuchokera ku Kepi ndayenda masiku anayi, koma mtunda watsalawu ndi umene ukundilemera.

Achimwene akonzeka kwambiri. Asindikiza pulani pa pepala lalikulu, aloweza mawu akuti topido, ndipo akuti akawachititsa manyazi amalume pamaso pa anthu. Ndawaletsa. Pepalalo ndalipinda, lili m'chikwama, ndipo silipita nawo. Amalume sanalakwe kwenikweni. Analakwitsa dzina la kachitsulo, koma mkamwini amene ankamunena kuti saoneka m'munda analidi wosaoneka.

Tsono mvetserani, Agnesi. Loweruka akakaika kanthu kaja pamphasa n'kufunsa kuti n'chiyani, ine sindidzatsegula pakamwa. Ndinakasula ndine, koma amene wakhala nako zaka zinayi, kasanasulidwe n'komwe, ndinu. Mwandiyankhira kokwanira. Ulendo uno mudziyankhire nokha, ndipo musayang'ane amalume, musayang'anenso ine.

Mukadzati ndi katopido, Lolemba ndidzakhala padenga la khitchini. Mukadzati ndi muvi, ndidzautola ndekha pamphasapo, ndipo sindidzakutsutsani pamaso pa anthu. Ndidzangopempha kuti Jestina muzimulola kutsika pa Chimbiya tsiku la msika, adzaone bambo ake akukhoma ndowa.

Ndikuopa, mkazi wanga. Kalatayi ikupezani mawa m'mawa, Nasra akwera minibasi yoyamba. Musamupatse yankho.

Ine, mwamuna wanu kufikira Loweruka,
Yunusu